Tamanda, foni siimva pang'ono wa kwathu

Ku Lawrence, Indianapolis, Lachisanu masana

Tamanda mwana wanga,

Iwe ndi bambo ako mwapita ku Lafayette Road kukagula zotsala za ulendo, ndiye ndakhala pa tebulo kuti ndimalize kalatayi. Ndinaiyamba Lachitatu. Zala zanga ukuzidziwa, sizilola kugwira cholembera nthawi yaitali, ndiye ndimalemba tsamba limodzi n'kupuma. Mawa tikakakusiya ku koleji ku South Bend sindidzatha kunena kanthu. Ndidzangokukonza kolala ya malaya n'kukuuza kuti uzidya. Mawu anga amathera pakhosi, koma papepala amayendako.

Chichewa chowerenga chimakuvuta, ndikudziwa. Uwerenge mokweza uli wekha m'chipinda, makutu ako amachidziwa kuposa maso ako. M'Chingerezi sindingathe kulemba zimene ndikufuna kunena, sukulu yanga inathera sitandade 7.

Chimene ndikuopa ndi chimodzi. Sindikuopa mayeso, sindikuopa chisanu cha kumeneko chimene anthu amachinena, ngakhale anyamata sindikuwaopa kwenikweni. Ndikuopa tsiku limene udzatopenso ndi matenda ako a shuga monga unatopera chaka chatha, n'kukhala chete, pafupi nawe popanda munthu wodziwa kumva kukhala chete kwako. Nzeru za m'mabuku ndilibe. Ndili ndi zolakwa zanga zokha, ndiye ndikupatsa zomwezo.

Nyamakazi inandiyamba iwe uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chomwecho chimene anakupeza ndi shuga. Ndinati yanga idikire, ya mwana ndiyo yaikulu. Ndinkapinda zofunda ku hotela kuja ku Downtown tsiku lonse, manja akuyaka ngati ndawaviika m'madzi owira. Ululu ndinkaupirira. Chimene chinandigonjetsa ndi china chimene chinabwera pambuyo pake, chopanda bala, chopanda chotupa. Ndinasiya kuimba mu kwaya. Ndikaweruka ndinkakhala pa siteji n'kumaiona basi yanga ikudutsa, yoyamba, yachiwiri, osaikwera, osadziwanso chifukwa. Chakudya chinalibe kukoma. Kwathu ku Ntcheu zoterezi timangoti munthu akuganiza kwambiri, ndipo timadikira kuti asiya yekha.

Namwino wa kuchipatala kumene ndimapita, mayi wachikulire wa kunokuno, anaona kuti ndikuwonda. Anatenga foni yanga n'kuikamo pulogalamu ija imene iwe umati apu. Anati anthu odwala matenda osatha nthawi zambiri mtima umalema nawo. Anati pulogalamuyo izindifunsa mafunso m'mawa uliwonse, izindiphunzitsa njira zokhazikitsira mtima pansi, ndipo mayankho anga azifika kwa iye. Zikaipa, aziona n'kundiimbira. Ndinavomera, chifukwa sindidziwa kukana munthu wovala yunifolomu.

Mafunso ake anali osavuta, Chingerezi changa chinkakwana. Kodi lero muli ndi chisoni? Kodi mwataya mtima? Pansi pake panali mayankho oti udine limodzi, kuyambira ayi mpaka kwambiri zedi. Yankho lachiwiri linali lakuti a little. Nditaliona ndinati eya, pang'ono, mawu athu awa. Iwe ukudziwa mmene timalankhulira. Munthu ukamufunsa kuti mwadzuka bwanji, iye n'kuyankha kuti ndadzuka pang'ono, umasiya zimene ukuchita. Umakhala pansi. Umati, "Pepani, chavuta n'chiyani?" Agogo ako aamuna anayankha kuti pang'ono m'mawa wa tsiku limene tinawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala, ndipo sanabwerereko. Munthu wamkulu sanena kuti ndikuvutika kwambiri, zimamveka ngati mwano kwa Mulungu amene wamudzutsa. Amati pang'ono, womva amadziwa. Ndiye ine m'mawa uliwonse, ndili m'basi, ndinkadina a little, a little, a little, ndikukhulupirira kuti ndanena zonse. Ndinkaika foni pamiyendo kudikira kuti namwino aimba.

Sanaimbe. Patapita miyezi itatu ndinapita kukaonana naye. Anandilandira akumwetulira, n'kutembenuza kompyuta kundionetsa mzere wobiriwira wowongoka bwino. Anati, "Esnart, mukuchita bwino kwambiri, ndanyadira." Ndinathokoza. Ndinatuluka n'kukalira m'chimbudzi cha pachipatalapo, nditatsegula mpopi kuti anthu asamve. Ndinkaona ngati ndakuwa miyezi itatu, munthu wandimva, n'kuona kuti si kanthu.

Amene anamasula mfundoyi ndi Mayi Chirwa, a ku tchalitchi aja amene ndi namwino. Lamlungu lina anandipeza nditakhala m'galimoto panja, anthu onse ali m'kati mwa tchalitchi. Anagogoda pa galasi.

"Amake Tamanda, mwasanduka alonda a magalimoto? Tsegulani, ndikuzizidwa ine."

Atalowa anati, "Muli bwanji?"

Ndinati, "Pang'ono."

Anavula magalasi. "Iii, pang'ono? Kuchipatala akudziwa?"

Ndinati akudziwa, ndimawauza tsiku lililonse pa foni, koma akuti ndikuchita bwino. Anati tione. Anayang'ana mayankho anga, n'kuyang'ana ine, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ine mtima ukuwira.

"Achemwali, mwawauza pang'ono wa ku Ntcheu! Awa amadziwa pang'ono wa mchere wa mu ndiwo. Foni ili ndi maso oti ione nkhope yanu? Imamva mmene mawu atsikira? Inu mwadina a little, iyo yalemba kuti mayi uyu ali ndi kachisoni ka munthu amene tiyi wamuzizirira."

Kenako anasiya kuseka. Anandigwira dzanja mosamala, podziwa kuti limapweteka, n'kunena kuti, "Dinani chenicheni. Ine ndikuyang'ana."

Chala changa chinakana, Tamanda. Kudina kwambiri zedi kunali ngati kuvula pa msika. Koma ndinadina. Lolemba m'mawa namwino anaimba, ndipo sabata yomweyo anandipezera munthu woti ndizikambirana naye.

Ndiye mwana wanga, apu imene anakuikira a kuchipatala cha shuga, ikakufunsa, uyankhe chenicheni. Si moni umenewo. Palibe amene umulemekeze pochepetsa mawu, palibe amene umudetse nkhawa, ndipo Mulungu sakhumudwa ndi batani la pa foni. Ukakhala pansi penipeni, dina la pansi penipeni. Ndikubwereza, dina chenicheni.

Sindikunena kuti kanthu kameneka n'kachabe. Kanandithandiza, ndipo sindichita manyazi kunena. Kanandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ululu ukafika pachimake, kukoka mpweya ndikuwerenga mpaka zinayi, kuutulutsa ndikuwerenga mpaka zisanu ndi chimodzi. Poyamba ndinkaona ngati masewera a ana, koma ululu unkapepukako. Kanandiphunzitsanso kulemba ganizo limene likundidya, kenako n'kulifunsa ngati lili loona. Tsiku lina ndinalemba kuti ndine katundu pa banja lino. Kanafunsa kuti umboni wake ndi uti. Ndinaganiza ulendo wonse wa basi kuchokera ku Downtown mpaka ku Lawrence, umboni osaupeza. Ndinangopeza kuti m'mawa womwewo ndinali nditakuluka tsitsi, ndi manja omwewa.

Koma ndinalakwanso kachiwiri, ndipo iwe unaona ngakhale sunadziwe chimene ukuona. Foni inakhala yosavuta kuposa anthu. Siidabwa, siikakamira kuti tipemphere kaye, siikauza amayi a ku tchalitchi. Kwa munthu wamanyazi ngati ine inali ngati chipinda chokhala ndi loko. Ndinayamba kuiuza zonse, bambo ako osawauza kanthu. Akabwera ku ntchito n'kufunsa za tsiku langa, ndinkati linali bwino, chifukwa zenizeni ndinali nditazitula kale kwina. Loweruka lina masana ndili pa mpando ndikulemba, iwo anaima pakhomo la khitchini atanyamula mbale.

"Amake Tamanda, mundiuzeko tsiku la chinkhoswe, ndidzabwere ndi mphatso."

"Chinkhoswe cha ndani?"

"Chanu ndi bambo ali m'manja mwanuwo. Akuoneka kuti amamva bwino kuposa ine."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Anaika mbale pansi n'kunena kuti, "Ine ndimasamalira okalamba a anthu ena tsiku lonse, ndimadziwa amene wagona bwino ndi amene sanagone. Koma za mkazi wanga ndimazimva kwa Mayi Chirwa."

Sabata yomweyo maondo anatupa moti sindinkatha kutsika masitepe. Ndinalemba mu apu kuti ndili ndi chisoni chachikulu. Inandiyankha mokoma kuti ndipite ndikayende panja mphindi khumi, ndione mitengo. Siinalakwe mwadala, siinkadziwa maondo anga. Amene anawiritsa madzi n'kundithowa ndi bambo ako, osanenanso za chinkhoswe.

Uzikumbukire zimenezi, Tamanda. Iwe unatengera ine, umakonda kona ya chipinda. Kumeneko udzakhala ndi foni, bedi ndi chitseko chotseka, ndipo udzaona ngati zakwana. Sizinakwane. Shuga akadzatsika uli m'kalasi, manja akunjenjemera, foni siidzakutsegulira botolo la juwisi. Uigwiritse ntchito monga ndodo, koma ndodo siinyamula munthu akagwa. Ndipo ikamakuwerengera masiku amene wayankha mosadumphitsa n'kumakuyamikira ndi tinyenyezi, tsiku lina n'kudumphitsa, usadziimbe mlandu. Uli kale ndi kamakina koyezera shuga kokuweruza kangapo pa tsiku. Woweruza wachiwiri sakufunika.

Tsopano ndafika pa cholakwa chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira Lachitatu.

Zaka zonsezi, ukalowa pakhomo kuchokera ku sukulu, funso langa loyamba linali lakuti shuga ali bwanji. Osati waswera bwanji, osati aphunzitsi anati chiyani. Nambala. Ikakhala yabwino ndinkamwetulira, ikakwera nkhope yanga inkagwa, ndipo iwe unkaiona. Ndinkaganiza kuti ndiko kukukonda. Sindinadziwe kuti mwana amatopa kukhala nambala. Kubaya chala, kuwerengera chakudya, kubaya jakisoni, m'mawa, masana, madzulo, pa tsiku lobadwa, pa Khirisimasi, popanda tchuthi ngakhale cha tsiku limodzi. Ine amene ndinkadziwa kulema kwa matenda osatha m'thupi langa lomwe, sindinakuganizire kuti nawenso ungaleme.

Chaka chatha, nthawi yozizira, unayamba kudzuka mochedwa. Ndikakufunsa pa chakudya cha m'mawa unkayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, kuti, "A little tired, Mom." Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yonse, masabata awiri. Ndipo ine, amene ndinali nditaphunzira movutikira kuti a little wa Chingerezi ndi wochepa, ndinati mwana wa ku America uyu, akutanthauza zochepa, ndi mayeso chabe. Ndinkakufunsa nambala, iwe n'kunditchulira yabwino, ine n'kuthamangira basi.

Loweruka lija m'mawa ndinakupeza m'bafa ukusanza, ukupuma mozama ngati wathamanga. Ine ndinkati ndi m'mimba. Bambo ako anawerama pafupi ndi pakamwa pako n'kumva fungo ngati la zipatso zovunda, ndipo sanavale ngakhale jekete, anakunyamula. Pamene ndinkakutengera zovala zoti ndipite nazo kuchipatala, ndinatsegula kabati kako n'kupeza majakisoni a insulini ali odzaza, osakhudzidwa. Ndinakhala pansi pa kapeti. 

Tsiku lachitatu, atakuchotsa kuchipinda cha odwala kwambiri, tinatsala awiri masana. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, bwanji sunandiuze?"

Unatembenukira kukhoma. Unati, "I told you, Mom. Every day. I said it the way you say it." Kenako unanena mawu amodzi a Chichewa, iwe amene suyankha m'Chichewa. Unati, "Pang'ono."

Tamanda, palibe chinandilasapo ngati chimenecho. Unali utaphunzira kwa ine. Unakula ukundimva ndikuuza anthu kuti pang'ono manja atatupa, ndipo unatenga mawuwo n'kuwaveka Chingerezi. Unandiuza m'njira ya kwathu, njira yaulemu, ukukhulupirira kuti mayi ako ndiye munthu mmodzi mu Indianapolis monse amene amva. Foni inalephera kundimva chifukwa ndi foni. Ine ndinalibe chowiringula. Kuchipatala kuja sindinapepese, ndinangokusisita mwendo n'kukufunsa ngati ukufuna madzi. Ndikupepesa pano. Pepa, mwana wanga. Ndinakulakwira.

Chifukwa chake ndikukupempha, mawu amenewa uwasiye kuno. Ndi mawu abwino kumene aliyense amawadziwa, koma ku South Bend palibe amene adzasiye zimene akuchita chifukwa wanena kuti watopa pang'ono. Adzati pepa, nafenso, n'kupitiriza ulendo. Si nkhanza, ndi chilankhulo chawo. Ukafuna kuti akumve, unene monga iwo amanenera, mawu onse, ngakhale akhale ngati akukuvula. Unene kuti sindinabaye jakisoni kuyambira dzulo. Unene kuti ndatopa ndi matendawa ndipo sindikufuna kuyeza. Ukadzafika poganiza kuti kuli bwino kungosiya zonse, usalembe mu foni mokha, uuze munthu wamoyo tsiku lomwelo, ndipo upite kuchipatala cha pasukulupo ngakhale uli ndi kalasi. Kalasi imabwerezedwa.

Mnzako wogona naye chipinda umuuze tsiku loyamba, usadikire kuti muzolowerane. Umuonetse pamene pali juwisi ndi maswiti, umuuze mmene umaonekera shuga akatsika, kuti ukayamba kulankhula zosamveka asaganize kuti waledzera. Ndikudziwa kuti sufuna kudziwika ngati mtsikana wa shuga uja. Unandiuza kuti kumeneko ukufuna kukayamba ngati munthu wamba. Ndikumvetsa, inenso ku hotela ndinabisa manja anga zaka ziwiri. Koma manyazi a mphindi zisanu ndi opepuka kuposa zimene tinaona chaka chatha.

Mayi Chirwa ali ndi mng'ono wawo kumeneko, Mayi Tembo, amene amagwira ntchito m'laibulale ya mumzinda. Akuti ukapite Lamlungu lina ukadye nawo. Upiteko ngakhale kamodzi. Adzakufunsa mafunso ambiri, adzakuseka Chichewa chako, adzakudzazira mbale ngati sanamve za shuga. Upirire. Ndi bwino kukhala ndi khomo limodzi mumzinda limene ungagogode popanda kufotokoza kuti ndiwe mwana wa yani.

Ine ndikulonjeza ichi. Ndikakuimbira sindidzayamba ndi nambala. Ndakhala ndikuyeserera miyezi yonseyi, mwina unaona kuti nthawi zina ndimatsegula pakamwa n'kutsekanso. Nambala ndi ya iwe ndi dokotala wako. Ukafuna kundiuza, udzandiuza. Zimene umalemba mu apu yako sindinawerengepo, ngakhale masiku amene unkaiwala foni pa tebulo ili yotsegula ndipo dzanja langa linkayabwa. Ndi zako.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene ndalembera kalata yonseyi. Mwezi watha titapita kukatsanzikana ndi namwino wako wa shuga, anatsegula apu yako n'kukuonetsa malo olembapo dzina la munthu woti aimbiridwe mayankho ako akaipa kwambiri. Anafunsa kuti tilembe ndani. Iwe unandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi, n'kunena kuti udzalemba bwino lino. Ndikuganiza kuti mpaka lero malowo ndi opanda kanthu. Ndikuganizanso kuti ndikudziwa chifukwa. Kulemba dzina langa ukuopa, chifukwa ndinalepherapo kukumva ndipo sufuna kundidwalitsa ndi nkhawa. Kulemba la wina ukuopanso, kuti ndidzamva kuwawa.

Ndidzamvadi kuwawa, sindikunama. Mayi aliyense amafuna kuti foni yoyamba ikhale yake. Koma ine ndidzakhala kutali, ulendo wa maola atatu, sindiyendetsa galimoto, ndipo akandiimbira m'Chingerezi chothamanga ndidzamva theka. Bambo ako akakhala pa ntchito foni imakhala yotsekeredwa m'kabati. Pofika ife, nthawi idzakhala itapita. Ndiye ndikukumasula. Usalembe dzina langa chifukwa chondimvera chisoni. Ulembe la munthu amene angafike pakhomo pako wapansi, kaya ndi mnzako wa m'chipinda, kaya ndi woyang'anira nyumba yogona ophunzira, kaya ndi Mayi Tembo. Usankhe wekha, koma sabata yoyamba isathe malowo ali opanda dzina. Ndipo munthuyo umuuze kuti wamulemba, umuyang'ane m'maso pomuuza.

Sindidzafunsa kuti ndi ndani. Ukamaliza unditumizire uthenga wa mawu amodzi, wakuti ndalemba. Ine ndidzakhala wachiwiri kumva, ndipo ndidzabwera ndi basi yoyamba.

Ndamva galimoto panja, mwafika. Ndiika kalatayi m'chikwama cha mankhwala, pansi pa majakisoni, chifukwa kumeneko ndiko sungalephere kuipeza.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo akupatse anthu a makutu.

Ndine mayi ako,
Esnart